Zimene Njoka Zinanena kwa a Pachu Pillai

Mavelikara, 14 Ogasiti 1983

Kwa Sadasivan, mwana wa mlongo wanga Bhavani,

Ndine malume ako, Pachu Pillai. Wolankhula ndine, cholembera chili m'manja mwa mlongo wako Vilasini, ndipo ndamuuza kuti asakometse mawu anga. Kuno tadzuka. Mvula yagwa yokwanira, bondo likupweteka monga mwa nthawi zonse. Kaya iwe ku Muscat kwakoko, kumene akuti madzi akumwa mumachita kugula?

Wailesi unatumiza ija inafika. Ndi yolongolola. Ndimaiika kumanja, poti khutu lamanzere linafa kalekale ndi mizinga ya pachikondwerero cha kukachisi.

Kalata yako andiwerengera kawiri, chifukwa poyamba ndimayesa Vilasini wadumpha mzere. Akuti ukufuna kumanga nyumba ya simenti, ya denga lathyathyathya ngati za anzako. Manga. Akutinso pa gawo lako malo ouma ndi amodzi okha, pamene pali msitu wa njoka, ndiye mitengo igwe. Pamenepo ndinalavula.

Iwe Sadasiva, unabadwira m'nyumba ino kapena anakutola pa siteshoni ya sitima? Msitu umenewo sunalowemo chikwanje chiyambire. Nthambi ikagwa imaolera pomwepo, nkhuni zisowe chotani. Miyala iwiri yosema ili pakati paja, Mfumu ya Njoka ndi mkazi wake, si zidole. Amenewo ndiwo eni nthaka. Dziko lino litavuuka m'nyanja anali pano ndi iwowo. Ife tinabwera mochita kupempha, ndipo anatilola pa pangano limodzi, lakuti ngodya imodzi ya bwalo ikhale yawo. Boma linabwera ndi tcheni loyezera malo, linagawa malo a mbumba yathu aliyense chake, ndipo pepala likuti ngodyayo ndi yako. Pepalalo linafunsa njoka?

Ine sukulu sindinaiponde, koma ndine mwini mbumba, ndipo ndikuti ayi.

Amayi ako ankayatsa nyale pamiyala paja madzulo alionse mpaka tsiku limene anagona osadzukanso. Tsopano amayatsa ndi Vilasini. Pa tsiku la nyenyezi yawo timawathirira mkaka ndi ufa wa chikasu. N'chifukwa chake dziwe lathu siliphwa, ndipo n'chifukwa chake palibe wa m'nyumba ino analumidwapo.

Wafunsanso za kondakitala wa basi uja, Sukumaran, amene mkazi wake anamwalira. Anabwera kudzafunsira Vilasini, tsitsi lili noninoni ndi mafuta onunkhira. Ndinamupatsa tiyi, ndinamuonetsa chipata. Wowerenga nyenyezi ananena kalekale kuti nyenyezi za Vilasini zili ndi mthunzi wa njoka, ndipo mwamuna womutenga mwachisawawa sakhalitsa. Ndamupulumutsa kondakitalayo, ngakhale sanathokoze. Komanso Vilasini akapita, nyale aziyatsa ndani? Mwanayu sadandaula. Ali phee pano, akulemba.

Tumiza mafuta opaka bondo aja.

Malume ako.


Muscat, 20 Seputembala 1983

Malume olemekezeka,

Ndagwira mapazi anu. Ndakondwa kumva kuti muli moyo. Mafuta ndapatsira mnzanga amene akubwera mwezi wamawa.

Malume, mundimve bwino. Kuno timagona mothinana, mabedi osanjikiza ngati mashelefu a m'golosale. Masana waya umene ndimakoka umatentha moti umasupula m'manja. Ndimapirira chifukwa ndikatseka maso ndimaona nyumba. Anzanga amsinkhu wanga ana awo ali kusukulu. Mukukumbuka a ku Chengannur aja amene ankafuna kundipatsa mwana wawo? Anabwera, anayang'ana denga lathu la masamba a kokonati, anamwa tiyi, sanabwerenso. Kumunsi kwa gawo langa ndi dambo, mukudziwa inunso. Ndimange pamadzi?

Njokazo sindikunena kuti tizithamangitse ndi moto. Alipo ansembe Achinambudiri amene ntchito yawo ndi yomweyi kuyambira makolo awo. Amabwera, amaziitana ndi mapemphero kuti zilowe mumphika, n'kupita nazo ku msitu waukulu wa kwawo, kumene zimadya bwino kuposa ife. Kumeneko ndi kusamutsa, si kupha. A nyumba yakummawa kwathuko anachita zomwezo, ndipo palibe anafa.

Za Vilasini nazonso. Nyumba ikaima, anthu azibwera kudzamufunsira okha, nyenyezi zisanene kanthu. Nyenyezi zimaopa simenti, Malume, ndaona ndi maso anga.

Malo ndi anga pa pepala, koma sindikufuna kulowetsa anthu a nkhwangwa inu mutaima pakhomo. Ndiloleni ndi mtima wanu.

Mwana wanu,
Sadasivan


Mavelikara, 6 Novembala 1983

Sadasiva,

Tadzuka. Mafuta afika, ndi onunkha ngati chipatala.

A nyumba yakummawa palibe anafa, zoona. Koma ukabwera ukaone khungu la mdzukulu wawo, lachita mamba ngati nsomba. Ndipo m'dziwe lawo ana akumenyamo mpira.

Kusamutsa! Mawu okoma pakamwa. Iwenso anakusamutsa, anakuika mumphika wouluka kupita nawe kuchipululu, ukudya bwino kuposa ife. Nanga bwanji makalata ako onse ndi kulira kokhakokha?

Ndaganiza usana ndi usiku. Iwe uli ndi pepala, ine ndili ndi imvi, ndipo tikhoza kukokana mpaka mmodzi alowe m'nthaka. Koma msituwo si wako, si wanga. Tifunse eni ake. Chilimwe chikafika ndiitana Kunjan Pulluvan ndi mkazi wake Paru, oimbira njoka, amene banja lawo latumikira lathu kuyambira kale. Adzajambula njoka pabwalo, adzaimba, ndipo eni nthaka adzalowa mwa mwana wamkazi wa magazi athu n'kulankhula okha. Mwambo umenewu sunachitike pano chimwalirire amayi ako. Wovina adzakhala Vilasini, poti ndiye namwali wa mbumba ino, ndipo amamudziwa.

Pangano ndi ili. Akati tikhala, iwe utseke pakamwa mpaka kalekale, ukamange padambo kapena pamwezi. Akati tipita, nkhwangwa yoyamba ndidzaponya ndine. Ndalumbira pa phulusa la amayi ako. Sindikuopa, chifukwa ndikudziwa chimene adzanene. Munthu amene wadyetsedwa moyo wake wonse sachoka.

Zogulira ufa, mafuta a nyale ndi nsalu za oimba utumize ndiwe, poti mlandu ndi wako.

Malume ako.

Achimwene, apa ndikuwonjezera ndine Vilasini. Malume akuyesa ndikulemba keyala. Zoti ndidzavina ndazimva limodzi ndi inu, pamene amandiuza kuti ndilembe. Ndinavinapo ndili kamtsikana. Anzanga amene ndinakhala nawo pamphasa nthawi imeneyo, lero ovina ndi ana awo. Basi ya Sukumaran imaimabe pachipata chathu m'mawa ngakhale palibe wokwera. Amaliza belu, n'kupita. Sindikudziwa chifukwa chake ndakuuzani zimenezi.


Muscat, 11 Disembala 1983

Malume,

Ndagwira mapazi anu. Ndavomera. Chimene eni nthaka adzanene ndidzamvera. Zofunika zonse ndatumiza. Tchuthi andikaniza, ndiye mudzandiuza m'kalata.

Sadasivan

Vilasini, izi usawawerengere. Mlongo wanga, Mulungu watiseka bwino! Mkuluyu wadzitchera yekha msampha, ndipo chingwe chili m'manja mwako. Ukudziwa choti udzanene. Mawu awiri okha basi, sukusowa kuchita kukokomeza. Ndani adzatsutsa njoka? Nyumba ikatha chipinda chimodzi ndi chako, cha zenera lagalasi. Za kondakitala tidzakambirana ndikabwera, usade nkhawa, kondakitala sathawa, amangozungulira msewu womwewo.


Mavelikara, 3 Januwale 1984

Achimwene,

Inu mwakhalitsa kunja, mwaiwala. Wovina pakamwa sipakhala pake. Sindingakulonjezeni kanthu, ndipo musandilemberenso zoterezi.

Vilasini


Mavelikara, 19 Malichi 1984

Sadasiva,

Wapambana. Ndayamba ndi zimenezo kuti usavutike kuwerenga mothamanga. Koma umva zonse, chifukwa sunalipo, ndipo ndikufuna zikuwawe.

Tinamanga chisakasa kutsogolo kwa msitu, tinachikongoletsa ndi masamba anthete a kokonati. Kunjan anagwada pansi kuyambira masana, akuthira ufa kudzera m'zibowo za chigoba cha kokonati: woyera wa mpunga, wachikasu, wakuda wa mankhusu owotcha, wobiriwira wa masamba, ndi wofiira. Pamene dzuwa limapendeka pansi panali njoka ziwiri zopotana, makosi otambasula, maso otukuka ngati zikupuma. Wakalamba Kunjan, koma dzanja lake silinjenjemera. Ngakhale Hamsa wogulitsa tiyi, amene sakhulupirira zimenezi, anaima kumpanda kukamwa kuli yasa.

Vilasini anali atasala kudya monga mwa lamulo. Anasamba m'dziwe, anakhala pansi tsitsi lomasula, maluwa a kanjedza ali m'manja. Pambali pake tinakhazika tiatsikana tiwiri ta achibale, koma timeneto tinkangosekerera, palibe chinatigwira. Kunjan anayamba kukhwekhweza kaligo wake, Paru akugunda chingwe chomangidwa pa mtsuko wake woimbira, du, du, du, mpaka m'chifuwa. Anaimba mayina a njoka zazikulu zonse, yogona Mulungu pamsana pake, ina imene milungu inaikoka ngati chingwe potakasa nyanja ya mkaka, mpaka kufika pa zathu zapano.

Kenako maluwa aja anayamba kugwedera. Mutu unayamba kuzungulira. Mwana amene ndamulera ine, woyenda ngati akuopa kudzutsa nyerere, anagwa chafufumimba n'kuyamba kukwawa, akufufuta chithunzi chija ndi tsitsi, thupi lonse lili mbuu ndi ufa.

Kunjan anafunsa monga amafunsira. "Ndinu ndani mwabwera? Mwakhuta nsembe yathu?"

Vilasini anangopitiriza kukwawa.

Ndinadzuka ine, ndinavula nsalu ya paphewa, ndinaweramira pansi. Ndinati, "Eni nthaka, mwana wa m'nyumba ino akufuna malo anu. Mukhala kapena mupita? Nenani pamaso pa anthu, achite manyazi."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Maso amenewo sanali a Vilasini. Vilasini sanandiyang'anepo m'maso chibadwire. Mtsuko unali kugundabe, koma ndinamva.

"Tatopa. Timasuleni."

Ndinati, "Tinakulakwirani chiyani? Mkaka unaperewera? Nyale inazimapo?"

Anangobwereza omwewo. Ndiye ndinatembenuka, ndinauza anthu ndi pakamwa pangapa kuti, "Mwamva. Akuti atopa, tiwamasule." Kunjan anati ayasamule, "Ambuye..." Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, sindikufuna wondipepesa.

Ndipo imva ichi. Wovina akamaliza amakwawira kumsitu n'kukakomokera pamiyala. Amayi ako ankatero, agogo ako ankatero. Uyu anatembenuka, anakwawa kudutsa bwalo lonse, anthu akupatuka, mpaka kuchipata cha kumsewu. Anakomokera pamenepo, dzanja litagwira nsanamira. Eni nthaka anationetsa okha njira imene akufuna kudzera.

Ndawatumikira kuyambira ndisanamere ndevu. Anatopa liti? Bwanji osandilotetsa, m'malo mondivula pagulu? Koma ndinalumbira, ndipo Pachu Pillai sabweza malovu. Itana wansembe wako.

Vilasini akuti sakumbukira kalikonse. Ndi mmene zimakhalira. Akulemba pano, zigongono zili ndi mabala.

Malume ako.


Muscat, 15 Epulo 1984

Malume, ndagwira mapazi anu. Musadandaule, zapita pabwino. Mnzanga akubwera ndi dzina la wansembe ndi la mmisiri.

Vilasini, apa ndi pako. Iwe ndi katswiri! Unandinamiza ndi kalata yako yaukali ija, ndinasowa tulo. Zokwawira kuchipatazo unaziganiza wekha? Anzanga m'chipinda muno aseka mpaka misozi. Ndakutumizira nsalu ya sari yobiriwira ya mkombero wagolide.

Za ukwati wako tidikire pang'ono. Amisiri akapanda wowayang'anira amaba simenti, ndipo Malume sangathe kuwerenga matumba. Uziwaphikiranso. Nyumba ikatha tidzaona. Ndiponso mkuluyo panopa mtima wasweka, sungamusiye. Pirira, watsala pang'ono.

Sadasivan


Mavelikara, 24 Febuluwale 1985

Sadasiva,

Wadandaula kuti chaka chatha ndisanakulembere. Unkafuna ndikuuze chiyani? Za nyumba yako amakuuza ndi mmisiri wako. Koma lero ndili ndi mawu.

Wansembe anabwera pa galimoto yahayala, ali ndi wotchi padzanja. Anapemphera, anaitana, anatseka mphika ndi nsalu yofiira. Miyala iwiri ija anaikulunga m'chiguduli n'kuiponya kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi tayala. Mfumu ya Njoka pambali pa tayala! Nkhwangwa yoyamba ndinaponya ndine, monga ndinanenera. Mtengo unatuluka utomoni woyera. Odula anatha milungu akulimbana ndi zilambe zonenepa ngati ntchafu. Mileme inazungulira pamwamba masiku angapo, kenako sinabwerenso.

Nyumba yako yaima. Ndi yachikasu, ili ndi masitepe okwera padenga. Anthu odutsa pa basi amaloza. Masana bwalo limatentha moti galu sadutsa, ndipo dziwe latsika mpaka sitepe imene sindinaionepo chibadwire. Sindikunena kanthu. Ndikungokuuza.

Nkhani ndi iyi. Dzana kunabwera Paru, mkazi wa Kunjan, akuyenda khomo ndi khomo ndi mtsuko wake kuimbira ana. Kunjan anamwalira m'dzinja. Paru atafika pano anaima n'kumayang'ana khoma lako. Ndinamuuza Vilasini kuti amupatse mpunga azipita, pano palibenso womuimbira.

Iye anati, "Ambuye, mundikhululukire, ndine munthu wamba. Mwamuna wanga wapita nazo kumanda, ine sindikufuna kupita nazo."

Ndinati, "Nena, usandichedwetse."

Anati, "Tsiku lija ine ndinali pafupi, mwanayu anandikhudza bondo ndi tsitsi. Sanati tatopa. Anati ndatopa. Anati ndimasuleni."

Ndinati, "Nanga pali kusiyana kwanji, mayi iwe?"

Anati, "Ambuye, ndagunda mtsuko uwu kuyambira ndili mwana. Eni nthaka akamalankhula amati ife. Ndi ambiri, sayenda mmodzi. Sindinamvepo njoka ikuti ine."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Mwamuna wanga anayesa. Munamuuza kuti atseke pakamwa. Ife ndani kuti titsutse mwini bwalo pamaso pa anthu?"

Ndinamuthamangitsa. Nkhalamba yanjala imanena chilichonse. Khutu langa lakumanja ndi lakuthwa, limamva mbewa kudenga.

Komabe ndinamuitana Vilasini, ndinamufunsa. Lemba zimene unandiyankha, usasinthe. Anati, "Sindikumbukira, Malume."

Ndinati, "Ukanatopa ndi chiyani iwe? Wagonapo ndi njala m'nyumba ino? Ndinakumenyapo? Alipo anakumanga chingwe?"

Anati, "Ayi, Malume."

Wamva. Mwini wake akuti ayi. Ndiye Paru ndi wabodza. Koma ngati si wabodza, Sadasiva, ndiye kuti eni nthaka sanayankhe n'komwe, ndipo tawaika m'chiguduli osalakwa, osapempha. Mlandu umenewo ndi wako. Unayambitsa ndiwe, ndi denga lako lathyathyathya.

N'chifukwa chake nyale sindinaileketse. Madzulo alionse Vilasini amayatsa pangodya ya khoma lako, pamene panali miyala, pafupi ndi paipi yotaya madzi a kubafa. Aziyatsa mpaka ine nditafa, ndipo ndikafa aziyatsabe.

Kondakitala uja anakwatira wina wa ku Kayamkulam. Ndinanena ine kuti si munthu wodikira.

Malume ako.


Kollam, 2 Epulo 1985

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Onani pamwambapa, si Mavelikara. Ndili kwa Ammini, mwana wa azakhali, ndipo ndalowa ntchito pa fakitale yosenda mtedza wa mbibu. Mafuta ake amawotcha zala, zanga zada kale ngati makala. Cholembera ndikuchigwira movutika, ndiye sinditalikitsa.

Ndinachoka m'mawa Malume akusamba. Phala la mpunga ndinawasiyira pamoto, mafuta a nyale ali pamalo pake. Makiyi a nyumba yanu ndapachika pa msomali kuseri kwa chitseko cha khitchini. Chipinda cha zenera lagalasi ndinachikolopa, sindinagonemo. Sari yobiriwira ili m'bokosi mmene inabwerera. Mudzapatse mkazi wanu.

Inu munandithokoza chifukwa chonama. Malume anandilemekeza mwezi wathunthu chifukwa njoka zinalankhula mwa ine, ankachita kundipatukira panjira. Paru akuti ndinalankhula ndine. Aliyense ali ndi zake, ndipo aliyense watengapo chimene amafuna. Ine ndikunena zoona pamaso pa amayi, sindikumbukira. Ndimakumbuka kaligo, kenako mdima. Chimene ndikukumbuka ndi kudzuka. Ndinatsegula maso, ndinaona nsanamira ya chipata, ndipo ndinamva chisoni kuti ndinali m'kati mwake.

Ndinapirira chaka ndikuphikira amisiri anu. Ndikanapirirabe. Koma pamene Malume anati lemba kuti aziyatsa mpaka ine nditafa, ndipo ndikafa aziyatsabe, ndipo dzanja langa lomwe linalemba, ndinadziwa kuti msitu unagwa koma ine ndikadali chiimire.

Musatume munthu kudzanditenga. Mukafuna wosamalira Malume, bwerani, nyumba muli nayo.

Vilasini


Mavelikara, 28 Meyi 1985

Sadasiva,

Ndine malume ako. Akulemba ndi Hamsa wa tiyi, ndiye ukaona madontho papepala ndi a ketulo yake, si misozi. Akuti ndikupatse moni. Akutinso ndisatukwane, chifukwa dzanja lake ndi la munthu wopemphera. Lemba iwe Hamsa, usandiphunzitse.

Kalata yako wandiwerengera. Akuti sungabwere chaka chino kapena chamawa, wasainanso pangano la ntchito, chifukwa nyumba yadya zambiri. Akuti ndipite ku Kollam ndikamupepese Vilasini abwerere. Ndikapepese chiyani? Sindinamuthamangitse. Anadya, anavala, sanamenyedwe. Ndinamufunsa pamaso ngati alipo anamumanga, anati ayi. Munthu akati ayi, ine ndilowe m'mimba mwake? Akanakhala ndi mawu akananena ngati munthu, osati kudikira mtsuko wa Paru.

Hamsa akuti ananenadi, pamaso pa mudzi wonse, kawiri. Hamsa, ndani wakufunsa? Zimenezo usalembe.

Akutinso ndisamukire m'nyumba yako kuti isagwe nkhungu. Sindilowamo. Ndili m'nyumba ya amayi ako, pansi pa masamba a kokonati. Phala ndimaphika ndekha, limapserera, ndimadya. Dziwe lasanduka matope, madzi ndimatunga kwa a nyumba yakummawa, omwe ndinkawaseka aja. Amandipatsa moni mwaulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo umandibaya.

Nyale ndimayatsa ndekha. Bondo silindilola kugwada, ndiye ndimatsamira khoma lako.

Tsopano imva chimene ndakulembera. Lachisanu m'mawa ndinapeza khungu la njoka lofundula pa masitepe a khonde lako, lalitali kuposa ndodo yanga, lathunthu mpaka m'maso. Dzulo madzulo ndikuyatsa nyale ndinaiona mwini wake. Njoka ija timaitcha yabwino, ya chizindikiro pakhosi. Inatuluka pansi pa maziko, pambali pa paipi, inadzuka, inatambasula khosi, inandiyang'ana. Sinathawe, inenso sindinathawe. Ndinaithirira mkaka m'chigoba. Wansembe wako ananyamula miyala ndi mphika. Kaya mumphikamo munali chiyani.

Hamsa akuti ndi njoka chabe, yatsata makoswe a m'nyumba yopanda anthu. Mwina. Koma ukadzabwera ndi mkwatibwi wako, umuuze aziyenda ndi nyale, ndipo asadzayerekeze kutola ndodo. Eni nthaka ali pansi pa chipinda chako chogona. Sanapemphe kuchoka, ndiye sanachoke.

Amene anapempha ndiye wapita.

Usatumize mafuta a bondo. Palibe wondipaka.

Malume ako,
Pachu Pillai